Makilogalamu 28 amene anabwera mwakachetechete

Mu 2023 ndinapita kuchipatala chifukwa cha mutu umene unali kundiwawa chakunkhongo kwa masiku angapo, ndipo namwino asanandiyeze kuthamanga kwa magazi anayamba wandikweza pasikelo. Sikeloyo inaonetsa makilogalamu 84. Nditabwerera kunyumba ndinafufuza m'sutikesi imene ndimasungamo makalata akale, ndipo ndinapeza kabuku kanga koyamba ka kuchipatala, mmene munalembedwa kuti mu 2005, chaka chimene ndinachoka kwathu ku Ntcheu kudzayamba ntchito ku Lilongwe, ndinkalemera makilogalamu 56. Msinkhu wanga sunasinthe, ndine wa mamita 1.58 monga ndinalili kale. Namwino uja anandionetsa kawerengedwe kamene a zaumoyo amakatcha BMI, kamene amagawa kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake kochulukitsidwa ndi kutalika komweko, ndipo anati yanga inali itapitirira 33. Munthu akafika pa 25 amati wayamba kulemera mopitirira, akafika pa 30 amati ndi wonenepa kwambiri. Anandilankhula modekha kuti, "Mayi, BP yanu yakwera, ndipo thupili likuthandizira kuikweza."

Mawu oyamba amene anandibwerera mumtima anali odziteteza. Ine sindidya kwambiri, sindimwa mowa, ndipo sindinakhalepo munthu wokonda maphwando. Ndinakhala nthawi yaitali usiku umenewo ndikufunafuna tsiku limene ndinalakwitsa, koma sindinalipeze, chifukwa tsiku lotero kunalibe. Makilogalamu 28 m'zaka 18 ndi kilogalamu imodzi ndi theka pachaka, kulemera kumene munthu sangakuone pagalasi, kumene kumangooneka pamene telala akukuuza kuti nsalu ya mamita awiri sikwananso. Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuwerenga ndi kufunsa za chimene chimanenepetsa anthu masiku ano, ndipo ndikulemba izi chifukwa ndikuona anzanga ambiri a kuntchito ndi a kumpingo akuyenda njira yomweyo imene ndinayenda, ena akudziimba mlandu mosayenera, ena osadziwa n'komwe kuti pali vuto.

Chinthu choyamba chimene chinandichotsa manyazi n'chakuti sindili ndekha. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti mu 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri, ndipo chiwerengero cha akuluakulu otere chinawirikiza kawiri kuchokera mu 1990. Kuno kwathu, kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali olemera mopitirira muyezo, ndipo m'matauni vutoli linali lowirikiza pafupifupi kawiri poyerekeza ndi kumidzi. Bungwe lofufuza la MEIRU linayeza anthu masauzande ambiri ku Karonga ndi ku Area 25 mu Lilongwe, dera lomwe ndimakhala, ndipo linapeza kuti amayi 44 mwa 100 a m'tauni anali olemera mopitirira muyezo, pamene abambo a m'tauni anali 18 mwa 100. Ndikaganizira ziwerengero zimenezi sindikhulupirira kuti anthu ochuluka chonchi anasanduka adyera kapena aulesi m'mbadwo umodzi wokha. Anthu ndi omwewo, matupi ndi omwewo, koma moyo umene matupiwo akukhalamo ndiwo wasintha.

Ndikakumbukira tsiku la amayi anga kumudzi ndimaona bwino kusinthako. Ankadzuka kusanache kupita kumunda, mtunda wa pafupifupi ola loyenda pansi, ndipo ankalima mizere mpaka dzuwa litafika paliwombo. Pobwera ankasenza nkhuni. Madzi ankatunga kudambo ndi ndowa pamutu maulendo atatu kapena anayi, ndipo chimanga ankakonola mumtondo, kupeta, kuviika mphale, kenako kusinja, chifukwa chigayo chinali kutali ndipo chinkafuna ndalama. Ife ana tinkathandiza ntchito zonsezi, ndiponso tinkayenda wapansi kupita kusukulu ndi kubwerera. Munthu wotere akakhala pamphasa masana n'kudya mitanda itatu ya nsima, nsimayo inali itagwiriridwa kale ntchito ndipo inali kudikiridwa ndi ntchito ina ya madzulo. Ndiwo zinali nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, therere la chidulo, nyemba, khobwe, ndi usipa kapena matemba pakapezeka ndalama. Mafuta ophikira ankagulidwa m'kapepala kakang'ono pa tsiku la msika, ndipo tiyi wa shuga ndi buledi zinali za pa Khirisimasi kapena za tsiku limene kwabwera mlendo wolemekezeka.

Tsiku langa la m'tauni linali losiyana kotheratu. Ndinkachoka pakhomo n'kukwera kabaza mpaka pasiteji, ndinkakwera minibasi mpaka m'tauni, ndinkakhala pampando kutsogolo kwa kompyuta maola 8, ndinkabwerera njira yomweyo, ndipo madzulo ndinkakhala pansi kuonera wailesi yakanema kapena kuyang'ana foni. Madzi ali pampopi, ufa umachokera kuchigayo, ndipo zovala amachapa mtsikana wothandiza pakhomo. Sindikulirira ntchito za kumudzi, pakuti ndinaona mmene zinathyolera msana wa amayi anga, ndipo palibe mayi amene ayenera kusenza ndowa kuti akhale wathanzi. Koma ndiyenera kuvomereza kuti pamene ntchitozo zinachoka, mitanda itatu ija inakhalabe m'mbale mwanga, chifukwa ndiwo muyezo umene ndinakula nawo, ndipo dzanja langa silinkadziwa kuomola mwanjira ina. A WHO amalangiza kuti munthu wamkulu aziyendetsa thupi mwamphamvu ndithu mphindi zosachepera 150 pamlungu. Amayi anga ankakwanitsa zimenezo tsiku limodzi lisanafike masana, pamene ine ndinkatha mwezi wathunthu osazikwanitsa.

Komabe nditaunguza bwinobwino ndinapeza kuti kusayenda ndi gawo chabe la nkhaniyi, ndipo gawo lalikulu lili mumphika. Mafuta ophikira ndiwo anandidabwitsa kwambiri. Mphamvu ya m'chakudya imayezedwa m'makalori, ndipo galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9, pamene galamu ya ufa kapena shuga ili ndi pafupifupi 4. Supuni yaikulu imodzi ya mafuta ili ndi makalori pafupifupi 120, koma m'mimba simva kuti mwalowa kanthu. Nditayamba kulandira malipiro, chizindikiro choyamba chakuti moyo wasintha chinali chigubu cha mafuta cha malita asanu m'khitchini, ndipo sindinkayeza ndi supuni, ndinkangopendeketsa chigubucho mpaka anyezi asambire. Masamba ndinasiya kutendera n'kuyamba kukazinga, nsomba ndinkakazinga kaye ndisanaziike mu supu wa mafuta ena, nyemba nazo ndinkazithira mafuta mpaka aziyandama pamwamba. Ndiwo zopanda mafuta owala tinkaziona ngati za kunyumba yosauka, ndipo mlendo akabwera mkazi amayesedwa ndi kunona kwa msuzi wake. Kuntchito chakudya cha masana chinali tchipisi cha pachiwaya ndi kachidutswa ka nkhuku kapena soseji, m'mawa mandasi awiri kapena atatu. Mbatata ya kachewere yophika ndi chakudya chopepuka ndithu, koma ikadulidwa n'kumizidwa m'chiwaya imamwa mafuta ochuluka mwakuti mphamvu yake imawirikiza, ngakhale mulu wake m'mbale ukuoneka womwewo.

Shuga ndiye anali wachiwiri, ndipo wa iye ndinali wosazindikira konse chifukwa sindikonda maswiti kapena makeke. Shuga wanga ndinkachita kumwa. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kuwerenga: makapu atatu a tiyi patsiku, m'kapu iliyonse masupuni atatu odzaza, kenako botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi pa chakudya cha masana, ndi madzi osungunulira a malalanje madzulo pamodzi ndi ana. Botolo la mamililita 300 la zakumwa zambiri zoterezi limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Malangizo a WHO a 2015 amati shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zonse za patsiku, zimene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 kapena masupuni 12 osadzaza, ndipo amati kutsika mpaka masupuni 6 n'kwabwino koposa. Ine ndinkadutsa masupuni 20 tsiku ndi tsiku. Choipa cha shuga wakumwa n'chakuti thupi silimuwerengera ngati chakudya, moti munthu akamwa botolo lonse amadyabe nsima yomweyo imene akanadya atamwa madzi. Ngakhale thobwa, limene agogo ankalitsekemeretsa ndi chimera chokha, lero timalithira shuga wodzaza chikho. Ndikudziwa kuti shuga wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa amaikidwa vitamini A pofuna kuteteza ana ku matenda, ndipo cholinga chimenecho n'chabwino, koma ndamvapo amayi ena akunena kuti pachifukwa chimenechi shuga ndi mankhwala, ndipo maganizo amenewo amandidetsa nkhawa.

Za ufa ndilankhula mosamala, chifukwa nsima ndi moyo wathu ndipo sindigwirizana ndi amene amaiimba mlandu wonse. Makolo athu anadya nsima zaka mazana ambiri osanenepa chonchi. Chimene chilipo n'chakuti pokonola chimanga timachotsa gaga, ndipo m'gagamo ndi m'mene muli zakudya zimene zimachedwetsa kugayika ndi kusunga mimba yokhuta nthawi yaitali. Nsima ya ufa woyera, mpunga woyera ndi buledi woyera zimagayika msanga, shuga amakwera msanga m'magazi n'kutsikanso msanga, ndipo njala imabwerera nthawi isanakwane. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba, koma ambiri a ife tinauda chifukwa umatikumbutsa sukulu yogonera komweko ndi miyezi ya njala, ndipo kuupereka kwa mlendo kumaoneka ngati chipongwe. Madeya amene timataya kapena kugulitsa kwa oweta nkhumba ndi nkhuku ndiwo mbali ina ya chimanga imene thupi la munthu wokhala pampando tsiku lonse likuisowa.

Pali mtundu winanso wa zakudya umene amayi anga sankaudziwa, ndiwo wa zopangidwa m'mafakitale n'kuikidwa m'mapaketi: mabisiketi, tokhwasula tofufuma ta chimanga tamchere, masoseji, zakumwa za mitundumitundu, ndi zina zotero. Wofufuza wina wa ku Brazil, Carlos Monteiro, ndiye anatchukitsa maganizo akuti zakudya zizigawidwa potengera mmene zakonzedwera m'fakitale, osati potengera zimene zili m'kati mokha. Mu 2019 Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health, bungwe la boma la America lofufuza zaumoyo, anasunga anthu 20 pamalo amodzi kwa mwezi, milungu iwiri akuwapatsa zakudya za m'fakitale zoterezi, milungu iwiri ina akuwapatsa zakudya zophikidwa kuchokera ku zinthu zachilengedwe, ndipo anawauza kuti adye mmene akufunira. Pa zakudya za m'fakitale anthuwo ankadya makalori pafupifupi 500 owonjezera patsiku ndipo ananenepa pafupifupi kilogalamu imodzi, pamene pa zakudya zinazo anatsika pafupifupi kilogalamu imodzi. Anthu anali omwewo ndi mitima yomweyo, chimene chinasintha ndi chakudya chimene chinaikidwa patsogolo pawo. Zakudya zimenezi n'zofewa, zimamezeka msanga, ndipo zimasakanizidwa mafuta, shuga ndi mchere mwa muyezo umene umachititsa dzanja kubwereranso m'paketi. Chinanazi kapena chimanga chootcha zimafuna kutafuna, ndipo pofika pomaliza mimba imakhala itauza mutu kuti zakwana, koma paketi ya mabisiketi imatha uthengawo usanafike.

Ndimamva kuwawa mumtima ndikakumbukira kuti zimenezi ndizo ndinkaikira ana anga m'chikwama cha kusukulu. Ndinkaona kuti mwana wonyamula mbatata yophika kapena chinangwa asekedwa ndi anzake, ndipo ndinkafuna kuti ana anga asamve manyazi amene ine ndinamva. Palinso nkhani ya ndalama ndi nthawi imene anthu olangiza za kadyedwe amaiiwala kawirikawiri. Nyemba zimafuna maola awiri kapena atatu pambaula, makala akwera mtengo, magetsi amathima, ndipo mayi amene wafika pakhomo 7 koloko usiku atatopa sangayambe kusankha nyemba. Mandasi ndi tchipisi zili pakona paliponse, zotentha kale, zotsika mtengo kuposa maapozi kapena nsomba yaiwisi. Mnyamata wa kabaza kapena mayi wogulitsa kaunjika amene wagula tchipisi ndi chakumwa chotsekemera sanasankhe mopusa, wasankha chimene chimakhutitsa msanga ndi ndalama imene ali nayo. N'chifukwa chake kunenepa sikulinso matenda a mabwana okha, ndipo m'makomboni athu mumapezeka nyumba imodzi yokhala ndi mayi wonenepa kwambiri ndi mwana wopinimbira.

Apa ndipo pali chimene ndimachiona kukhala muzu wa nkhani yonseyi kwa anthu ngati ife, ndicho chikumbumtima cha njala. Agogo anga ankasimba za njala ya 1949 ngati inachitika dzulo. Ine ndinaona ndi maso anga njala ya 2002, pamene anthu a m'mudzi mwathu ankadya madeya ndi mizu ya nthochi, ndipo chaka chilichonse miyezi ya Januwale ndi Febuluwale inali yodya kamodzi patsiku. Mwana wokulira m'nyumba yotere amaphunzira kuti chakudya chikapezeka chiyenera kudyedwa chonse, kuti kusiya nsima m'mbale ndi tchimo, ndi kuti kukana chakudya cha eni nyumba ndi mwano. Maphunziro amenewa anali anzeru pa nthawi yake ndipo anapulumutsa miyoyo. Koma ndinawatenga n'kupita nawo kumalo kumene chakudya sichitha, kumisonkhano ya kuntchito ya m'mahotela a kunyanja kumene kumakhala tiyi ndi masamusa 10 koloko, chakudya chodzitengera wekha masana, tiyi wina ndi makeke 3 koloko, ndi chakudya chinanso madzulo. Pamaso pa tebulo lotero, mwana wa mu 2002 amene ali m'kati mwanga ankadzaza mbale, ndipo kunyumba ndinkamaliza zotsala za ana chifukwa mtima sunkalola kuzitaya.

Thupi nalonso limakumbukira njala mwa njira yakeyake. Linalengedwa kuti lizisunga mafuta pokonzekera chilala, ndipo limateteza nkhokwe yake mwamphamvu. Mu 1994 Jeffrey Friedman ndi anzake ku New York anatulukira leptin, mthenga wa m'magazi amene amachokera m'mafuta a m'thupi n'kukauza ubongo kuchuluka kwa zimene zasungidwa. Munthu akachepetsa thupi, leptin amatsika, njala imakula, ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu mosinira. Ichi ndicho chifukwa chake anthu ambiri amene amadzimana chakudya mwankhanza amatsika kwa miyezi yochepa kenako n'kubwerera pomwe anali, ndipo si chifukwa chakuti alibe khama. Palinso umboni wakuti njala ya mayi woyembekezera imasiya chizindikiro mwa mwana. Ku Netherlands kunagwa njala yoopsa m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, ndipo ofufuza atatsatira ana amene anali m'mimba m'miyezi yoyambirira pa nthawiyo, anapeza kuti atakula ankanenepa kwambiri kuposa anzawo. Ndikawerenga zimenezi ndimaganizira dziko lathu, kumene kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana amenewa akukula tsopano, ambiri adzabwera m'tauni, ndipo adzapeza chiwaya ndi botolo zikuwadikira.

Chimene chinabisa zonsezi kwa ine chinali chiyamikiro. Chaka chilichonse ndikapita kumudzi, azakhali ankandigwira mikono n'kunena mokondwa kuti, "Mwanenepatu, akukusungani bwino bambo a kunyumba." Apongozi anga ankanyadira pamaso pa anzawo kuti mkazi wa mwana wawo sakuvutika. Mwamuna akatulutsa mimba amatchedwa bwana, ndipo palibe amene amamufunsa za shuga wake. Amene tinakula m'zaka za m'ma 1990 tili ndi chifukwa china chozama, pakuti tinaika m'manda abale ambiri amene anayamba ndi kuwonda, ndipo dzina lakuti kaliwondewonde linachititsa thupi lochepa kukhala chinthu choopedwa. Munthu akatsika thupi anthu ankanong'onezana, ndipo mpaka lero ndikudziwa amayi amene amakana malangizo a dokotala oti achepetse thupi poopa zimene anansi adzanene. Ena amafika pogula mapiritsi owonjezera chilakolako cha chakudya kuti aoneke athanzi. Sindiwaweruza, chifukwa mantha amenewo anabadwa m'maliro enieni, koma zotsatira zake ndi BP, matenda a shuga, kupweteka kwa mawondo ndi kufa ziwalo, zimene zikudzaza mabenchi a m'zipatala zathu.

Pali zifukwa zina zimene munthu sangazione m'mbale. Mimba zanga zitatu zinandisiyira makilogalamu angapo iliyonse, makamaka chifukwa chakuti mayi woyamwitsa amakakamizidwa phala, thobwa ndi tiyi wa mkaka usana ndi usiku kuti mkaka utuluke, ndipo chizolowezicho chimapitirira mwana atasiya kuyamwa. Mankhwala ena amanenepetsa anthu ena, monga jakisoni wolera wa miyezi itatu, prednisolone, mankhwala ena a matenda a maganizo, ndi dolutegravir amene ali m'ma ARV amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019. Mankhwala amenewa amapulumutsa miyoyo, ndipo munthu asawasiye payekha, koma akaona thupi likukwera ayenera kukambirana ndi dokotala. Kusagona mokwanira kumasokoneza amithenga a njala ndi kukhuta m'thupi, ndipo ine ndinkagona maola asanu okha, kudzuka 4 koloko kukonzekeretsa ana ndi kugona mochedwa foni ili m'manja. Nkhawa za ngongole, za fizi ndi za abale odwala kumudzi zimakokera munthu ku zotsekemera ndi zamafuta. Mtundu nawo uli ndi mbali yake, pakuti anthu awiri angadye mofanana wina n'kunenepa wina ayi, ngakhale kuti magazi a makolo athu sanasinthe m'zaka 30 zimene kunenepa kwawirikiza. Kwa abambo ambiri mowa ndi kanyenya wa Lachisanu madzulo zimawonjezera zambiri, chifukwa galamu ya mowa weniweni ili ndi makalori 7.

Ndikaona kuti zoyambitsa zambiri zili kunja kwa munthu, ndimakhulupirira kuti kulangiza munthu mmodzimmodzi sikokwanira. Mexico inaika msonkho pa zakumwa za shuga mu 2014, South Africa ndi Britain anachita chimodzimodzi mu 2018, ndipo ku Britain makampani ambiri anachepetsa shuga m'zakumwa zawo pothawa msonkhowo. Chile kuyambira 2016 imalamula kuti paketi ya chakudya chochuluka shuga, mchere kapena mafuta ikhale ndi chizindikiro chakuda chochenjeza kutsogolo, kuti ngakhale mwana athe kuchiona. Kuno kwathu maganizo athu onse akhala pa kuthetsa njala, ndipo m'pomveka, koma ndikuona kuti nthawi yakwana yakuti tiziyang'ananso zimene zimagulitsidwa pazipata za sukulu, ndi mmene misewu ya m'mizinda yathu imamangidwira. Misewu yambiri ya m'madera amene timakhala ilibe poyenda anthu apansi, ilibe magetsi, ndipo mayi amene akufuna kuyenda madzulo akaweruka kuntchito amayenera kusankha pakati pa fumbi, njinga zamoto ndi mantha a achifwamba. Mabwalo amene ana ankasewerapo mpira ambiri anamangidwapo nyumba.

Kunyumba kwanga ndinasintha zinthu zochepa zimene ndikanatha kupitiriza. Mafuta ndimayeza ndi supuni, ndipo chigubu chimene chinkatha m'milungu itatu tsopano chimadutsa miyezi iwiri. Tiyi ndinatsitsa pang'onopang'ono kuchoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi, ndipo lilime linazolowera patapita mwezi. Nsima ndimaphika ya mgaiwa masiku ambiri, ndimadya mtanda umodzi ndi theka, ndipo theka la mbale limakhala masamba otendera monga ankaphikira amayi. Nyemba ndimaviika usiku n'kuphika zambiri Loweruka kuti zikhale za mlungu wonse. M'mawa ndimayenda wapansi kupita pasiteji, mphindi 25, pamodzi ndi mayi wina woyandikana naye nyumba amene nayenso anauzidwa za BP. Ana anadandaula milungu yoyamba, koma wamng'ono tsopano amanyamula mtedza wokazinga ndi nthochi popanda kukangana. Patha zaka ziwiri ndipo ndili pa makilogalamu 76. Pa 56 sindidzabwereranso, ndipo mankhwala a BP ndikumwabe, koma mutu uja unasiya ndipo ndimakwera masitepe a kuofesi popanda kuima panjira.

Mwezi wathawu ndinapita ku Ntcheu. Amayi atandiona anakhala chete nthawi yaitali, ndipo usiku ana atagona anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwananga, undiuze zoona, ukudwala kapena m'banjamo muli mavuto?" Ndinawafotokozera za sikelo, za BP ndi za malangizo a namwino, ndipo ndinawakumbutsa za mlongo wawo amene anafa ziwalo mbali imodzi atakhala zaka zambiri ku Blantyre. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anagwedeza mutu, koma sindinganene kuti anakhutira. M'mawa mwake anapha nkhuku, ndipo anatuma mdzukulu wawo kugolosale kukagula mafuta ndi botolo la chakumwa chotsekemera ndi ndalama imene ndinawapatsa yogulira sopo. Nkhukuyo ndinadya pamodzi nawo pamphasa, mitanda iwiri, pakuti ndinadziwa tanthauzo lake. Botololo ndinawapempha kuti tigawane anthu anayi, ndipo iwo anatenga makapu n'kuthira okha, kapu yanga n'kuidzazitsa pang'ono kuposa enawo.